Nkhuku zopulumutsidwa ku zikwere za m'mafamu a mazira

Nkhuku zopulumutsidwa ndi nkhuku zoikira mazira zomwe zatha nthawi yake pa famu yamalonda, ndipo m'malo mopita kokaphedwa zimatengedwa ndi anthu kuti azikaziweta pakhomo mpaka zidzafe zokha. Mchitidwewu ndi wofala kwambiri ku Britain, koma ukupezekanso ku Ireland, Australia, New Zealand ndi America. Nkhuku zambiri zoterezi zimakhala zoti moyo wawo wonse zautha m'zikwere za waya zosanjikizana, m'nyumba yotseka. Sizinapondepo dothi, sizinaonepo dzuwa, ndipo mvula sizikuidziwa.

Chiyambi cha zikwere

Kuweta nkhuku m'zikwere kunayamba kufalikira ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo kunakula kwambiri ku Ulaya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Kwa mlimi phindu lake linali loonekeratu. Nkhuku zambirimbiri zinkakwana m'nyumba imodzi, zitosi zinkagwera pansi pa waya kotero matenda ena anachepa, ndipo dzira likangoikiridwa linkagubuduzika lokha kupita potolera. Mazira anatsika mtengo.

Mu 1964 mayi wina wa ku Britain, Ruth Harrison, anatulutsa buku lotchedwa Animal Machines, lomwe linaonetsa anthu mmene ziweto zimakhalira m'mafamu oterewa. Boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Pulofesa Rogers Brambell, ndipo lipoti lake la mu 1965 linanena kuti chiweto chizitha kuimirira, kugona, kutembenuka, kudzikonza ndi kutambasula ziwalo zake. Chikwere chakale sichinkalola ngakhale zina mwa zochepazi. Switzerland inathetsa zikwere zotere mu 1992. Mgwirizano wa maiko a ku Ulaya unapanga lamulo mu 1999, lomwe linaziletsa kuyambira pa 1 Januwale 2012. Lamuloli lisanagwire ntchito, nkhuku imodzi inkapatsidwa malo a masentimita 550 a sikweya, omwe ndi ochepa poyerekeza ndi pepala limodzi la A4.

Zomwe zinalowa m'malo mwake ndi zikwerebe, kungoti n'zokulirapo. Zimasunga nkhuku 40 mpaka 80 pamodzi, iliyonse n'kukhala ndi masentimita 750 a sikweya, kamtengo kokwerapo, kachisa kotchinga ndi kamalo kopalasa. N'zoona kuti ndi zabwinoko, koma nkhuku imatulukamo isanadziwebe kuthamanga. M'maiko ambiri a ku Africa, Asia ndi South America zikwere zakale zija zikugwirabe ntchito.

Chifukwa chake zimachotsedwa zikadali zazing'ono

Mitundu monga ISA Brown, Lohmann Brown ndi Hy-Line inapangidwa mosankha kwa zaka zambiri kuti iziikira kwambiri. Nkhuku imodzi imaikira mazira pafupifupi 300 pa chaka, pamene kholo lake lakutchire la ku Asia limaikira mazira 10 mpaka 15 basi. Ikafika masabata pafupifupi 72, mazira amayamba kuchepa ndipo zigoba zimapyapyala. Mlimi amachotsa gulu lonse nthawi imodzi, kutsuka nyumba n'kulowetsa misoti yatsopano. Nkhuku yochotsedwayo imakhala isanakwanitse chaka ndi theka, pomwe nkhuku yosamalidwa bwino imatha kukhala zaka zingapo. Siinakalambe. Yangosiya kubweza ndalama za chakudya chake pa mlingo womwe famu ikufuna.

Ntchito yozipezera makomo

Bungwe lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi British Hen Welfare Trust, lomwe Jane Howorth analiyambitsa mu 2005 ku Devon. Limapezera makomo nkhuku pafupifupi 60,000 pa chaka, ndipo mu 2024 linafika pa nkhuku ya nambala 1 miliyoni. Nkhukuyo inapatsidwa dzina loti Henrietta ndipo anaitenga ndi Mfumu Charles kukaiweta kwawo ku Highgrove. Palinso gulu lina lotchedwa Fresh Start for Hens lomwe limagwira ntchito yomweyi.

Mabungwewa saba nkhuku kapena kuthyola makola. Amagwirizana ndi mlimi, n'kubwera ndi anthu ongodzipereka tsiku lochotsa gulu lisanafike. Nkhuku zimatulutsidwa m'mamawa, kuunikidwa imodziimodzi, kenako kupita kumalo komwe anthu olembetsa akuzidikira ndi makatoni obowola. Zodwala kapena zovulala zimatsala m'manja mwa odziperekawo mpaka zitachira. Wotenga amapereka kangachepe kothandizira bungwe, ndipo amalangizidwa kutenga zitatu kapena kuposerapo chifukwa nkhuku siikhala bwino yokha. Kugwirizana ndi alimi kumeneku n'kwanzeru, pakuti mlimi akangotseka chitseko palibe nkhuku ingapulumuke.

Thupi lomwe zimabwera nalo

Munthu woona nkhukuzi koyamba amagwidwa chisoni. Khosi limakhala lopanda nthenga chifukwa chokhulana ndi waya podya. Msana ndi kumchira kumakhala kosolola chifukwa chojomphana. Lipombo limakhala lalikulu, lotuwa ndi logwera mbali imodzi, popeza m'nyumba yotentha nkhuku imatayira kutentha kwa thupi kudzera m'lipombolo. Zikhadabo zimatalika n'kupindika chifukwa sizinapalasepo pansi. Mlomo umakhala wobuntha, poti nsonga yake inachotsedwa nkhukuyo ili kamwanapiye.

Zonsezi zimaoneka ndi maso ndipo zambiri zimatha zokha. Vuto lalikulu ndi losaoneka, lili m'mafupa. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, ndipo chigoba chake chimafuna magalamu awiri a kashiamu. Chigobacho chimapangika makamaka usiku, pamene nkhuku siikudya, choncho thupi limatapa kashiamu m'mafupa. Zikachitika tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu, pa nkhuku yomwe siyenda kapena kukupiza mapiko, mafupa amafooka. Zambiri zimapezeka ndi fupa la panganga lopindika kapena lothyokapo kale.

Apa ndi pomwe pagona luso lonse losamalira nkhukuzi. Nkhuku yotere siinyamulidwa miyendo mutu uli pansi monga timachitira ndi nkhuku za kumudzi popita nazo kumsika, ndipo siigwiridwa mapiko. Imagwiridwa ndi manja awiri, mapiko atapanikizidwa pang'ono kuthupi, kenako n'kuifungata m'khwapa dzanja lina lili kunsi kwake. Poitsitsa siiponyedwa. Imaikidwa pansi mpaka miyendo itaponda. Kudumpha kuchoka pa msinkhu wa m'chiuno n'kokwanira kuthyola mwendo wa nkhuku yoteroyo.

Masiku oyamba

Nkhuku ikatulutsidwa m'katoni imangoima chilili. Imakweza phazi limodzi n'kuliika pa udzu mosamala, n'kulichotsanso, ikuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi. Ina imatha kuima pomwepo kwa ola lathunthu. Woweta watsopano amafuna kuithandiza, kuinyamula, kuisisita, kuitanira ana ndi anansi adzaione. Chifundo chofulumira choterechi chimaivulaza. Chofunika ndi malo ang'ono, abata, okhala ndi denga, madzi ndi chakudya pafupi, basi. Bwalo lalikulu limaiopsa. Ambiri amazitsekera m'khola kapena m'kampanda kakang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti zidziwe kuti kwawo ndi kumeneku.

Chakudya chisasinthidwe msanga. Pa famu zinkadya chakudya chogayagaya cha leyazi (nkhuku zoikira mazira), ndipo zambiri sizizindikira kuti chimanga chathunthu kapena masamba n'zodyedwa. Ziyambe ndi chomwe zikuchidziwa, magalamu pafupifupi 120 pa nkhuku pa tsiku, ndipo china chilichonse chizilowa pang'onopang'ono pa masabata angapo. Pambali pakhale timiyala tothandiza kugaya chakudya m'nthutumba ndi zigoba za nkhono zosinja zopatsa kashiamu. Udzu wautali ndi woopsa kwa nkhuku yosazolowera, chifukwa imaumeza wathunthu n'kutseka chithokomiro. Madzi nawonso ndi achilendo: pa famu zinkamwera pa timipopi todontha, choncho zina zimafunika kuviika mlomo wake m'chomwera kamodzi kuti zizindikire.

Kukada sizidziwa kulowa m'khola. M'nyumba ya famu magetsi ankayaka maola 14 mpaka 16 n'kuzima, nkhuku n'kugona pomwe ili. Choncho madzulo zimangonyonyomala panja pomwe mdima wazipezera, ndipo woweta ayenera kuzinyamula n'kuzilowetsa kwa masiku angapo mpaka zitazolowera. Mvula ikabwera zimaima n'kumanyowa. Dzuwa likawomba khungu losowa nthenga limapsa, motero mthunzi ndi wofunika. Mitengo yokwerapo ikhale yotsika kwambiri, kapena ichotsedwe kaye zizigona pa utuchi kapena udzu wouma. Mazira poyamba zimaikira paliponse, ngakhale zikuyenda, koma dzira lapulasitiki loikidwa m'chisa limaziphunzitsa msanga.

Anthu ena amazilukira timajuzi poopa kuti zizizidwa. Mabungwe osamalira nkhukuzi saikonda njirayi, chifukwa ulusi umakhula nthenga zomwe zikumera, umakola zikhadabo ndiponso ukanyowa umazizira kuposa khungu lopanda kanthu. Khola louma, losalowa chisanu koma lopita mpweya, ndi lokwanira.

Ndewu ya ukulu

Nkhuku zitatu zotengedwa pa famu imodzi nthawi zambiri sizidziwana. Zikachira mantha zimayamba kulimbana kuti zidziwe wamkulu ndani, ndipo ndewuyi imatha kukhala yoopsa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kujompha pamutu ndi kuthamangitsana n'kwachibadwa, ndipo kuzilekanitsa pafupipafupi kumangotalikitsa nkhondoyo. Chothandiza ndi kuika zodyera ndi zomwera ziwiri kapena zitatu motalikirana, kuti yankhanza isathe kulondera zonse, komanso kuika zinthu zoti yofooka izibisalako. Magazi akaoneka nkhani yasintha. Nkhuku zimakopeka ndi chofiira ndipo zimajompha bala mpaka kupha mnzawo, choncho yovulala ichotsedwe, itsukidwe, ndipo ikhale poti zinzake zikuiona koma sizingaifikire.

Ngati pakhomo pali kale nkhuku zina, zatsopanozi zikhale pazokha kwa masabata osachepera awiri. Zifukwa ndi ziwiri: matenda angachoke mbali iliyonse, ndiponso nkhuku zamphamvu zingaphe zofookazi. Kenako magulu awiriwa aziyang'anana kudzera pa waya asanasakanizidwe. Tambala akhale kutali mpaka nthenga za kumsana zitamera, chifukwa kulemera kwake ndi zikhadabo zake zimang'amba khungu.

Kuchira ndi matenda otsalira

Kusintha kumabwera msanga modabwitsa. Pakatha masiku ochepa, nkhuku yomwe siinaonepo dothi imapeza pouma, n'kugona chammbali, n'kuyamba kudzithira fumbi ndi mapiko, palibe woiphunzitsa. Imatambasula phiko limodzi padzuwa n'kutsinzina. Lipombo limachepa n'kufiira m'masabata angapo, zikhadabo zimafupika zokha popalasa, ndipo nthenga zimamera ngati timinga tolimba kenako n'kumasuka. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zambiri zimakhala zitavala thupi lonse. Pa nthawiyi mazira amachepa chifukwa thupi likugwiritsa ntchito chakudya pomanga nthenga.

Komabe thupi loikira mopitirira muyeso silichira kotheratu. Matenda ofala ndi a m'njira ya mazira: dzira kusweka kapena kutayikira m'mimba n'kuyambitsa mafinya, njira ya mazira kutuluka kunja, ndi zotupa. Nkhuku yotupa kumimba, yoyenda chotangadza, yofota lipombo kapena yongoima itafufuma nthenga ikufunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, pakuti nkhuku imabisa matenda mpaka zitafika poipa. Utitiri wofiira womwe umabisala m'ming'alu ya khola masana n'kuyamwa magazi usiku umafooketsanso nkhuku zotere msanga. Zina zimafa patangopita miyezi yochepa, zambiri zimakhala chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo zochepa zimapitirira pamenepo. Wozitenga adziwiretu zimenezi, ndipo asazitenge pofuna mazira otchipa.

Malamulo ku Britain

Amene akuweta nkhuku ku Britain, kuphatikizapo anzathu okhala kumeneko omwe angalakalake kukhala ndi khola kuseri kwa nyumba, ayenera kudziwa kuti kupatsa nkhuku zotsala za kukhitchini n'koletsedwa ndi lamulo, lomwe linakhwimitsidwa mliri wa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto utavuta mu 2001. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024, ku England ndi Wales aliyense woweta nkhuku, ngakhale imodzi, ayenera kulembetsa ku boma. Chimfine cha mbalame chikabuka, boma limatha kulamula kuti nkhuku zonse zitsekeredwe. Mdani wamkulu wa usiku kumeneko ndi nkhandwe, zomwe zimapezeka ngakhale mkati mwa London.

Kwathu kuno

Kum'mwera kwa Africa kuno nkhuku zopuma kuikira sizisowa msika. Zimagulitsidwa zamoyo kuti zikakhale ndiwo, ndipo anthu amazikonda chifukwa nyama yake ndi yolimba. Palibe cholakwika pamenepo. Koma alipo ena amene amagula zingapo kuti ziziikirabe pakhomo, ndipo zonse zanenedwa pamwambazi zikuwakhudza. Leyazi siingakhale ndi moyo wathanzi ndi madeya okha, siidziwa kuthawa mphamba, ndipo kawirikawiri siikhalira mazira, choncho musayembekezere anapiye. Isanasakanizidwe ndi nkhuku za kumudzi, funsani mlangizi wa ziweto za katemera wa chitopa, ndipo pochoka nayo kumsika muinyamulire m'dengu kapena m'katoni, osati yomangidwa miyendo pa njinga.