Chotchinga Pakati pa Guwa ndi Anthu: Mbiri ya Mpanda wa M'tchalitchi

Munthu akalowa m'matchalitchi ambiri a kuno kwathu lero, maso ake amafika pa guwa popanda chomutsekereza. Kale sizinali choncho m'mayiko ambiri achikhristu. Pakati pa ansembe ndi anthu wamba pankaima chotchinga, china chamwala, china chamatabwa, china chachitsulo, ndipo amisiri ankathera luso lawo lonse pamenepo. Chotchingachi chakhala chikumangidwa, kugumulidwa ndi kumangidwanso, malinga ndi mmene m'badwo uliwonse unkayankhira funso limodzi: kodi chinthu chopatulika timachilemekeza pochibisa kapena pochionetsa?

Gwero lake lili m'Kachisi wa ku Yerusalemu, momwe chinsalu chachikulu chinkatchinga Malo Opatulikitsa. Mkulu wa ansembe yekha ndiye ankalowamo, kamodzi pachaka. Mabuku a Uthenga Wabwino amanena kuti chinsalucho chinang'ambika pakati Yesu atafa, ndipo kuyambira pamenepo mbali zonse ziwiri za mkangano zakhala ndi poimira: ena amakumbukira chinsalu, ena amakumbukira kung'ambika kwake.

Akhristu atayamba kumanga matchalitchi aakulu m'zaka za m'ma 300, ankazunguliza guwa ndi kampanda kofika m'chiuno kuti khamu lisapanikize ansembe. Ku Constantinople, m'tchalitchi cha Hagia Sophia chomwe Mfumu Justinian inamaliza mu 537, mpandawo unali ndi nsanamira 12 zokutidwa ndi siliva, koma anthu ankaonabe zochitika kuseri kwake.

Kuchokera apa njira zinagawikana. Kum'mawa, m'mipingo ya Orthodox, mipata ya pakati pa nsanamira inayamba kudzazidwa ndi zithunzi za oyera mtima mpaka panaima khoma lathunthu lotchedwa iconostasis. Ku Russia khomali linakula kwambiri, mizere ya zithunzi nkumasanjikizana mpaka isanu. Mu 1405 akatswiri ojambula, Theophanes wa ku Greece ndi Andrei Rublev, anagwira ntchito limodzi m'tchalitchi cha Annunciation ku Moscow, pa nthawi imene makoma aataliwa ankayamba kufala. Pakati pa khomalo pamakhala zitseko zomwe amadutsapo ndi atsogoleri a mapemphero okha. Kwa akhristu a kumeneko khomali silitsekereza pemphero, chifukwa wopemphera amayang'anizana ndi nkhope za Khristu, Mariya, aneneri ndi atumwi.

Nafenso mu Africa mwambowu ndi wakale. M'matchalitchi a Akhristu a Coptic ku Cairo muli zotchinga za mtengo wakuda zokongoletsedwa ndi minyanga ya njovu, zolukana ngati nsengwa ya mmisiri waluso. Ku Ethiopia chipinda chapakati cha tchalitchi, momwe amasungamo tabot, chizindikiro cha Bokosi la Chipangano, chimatchingidwa ndi makoma ndi nsalu, ndipo amalowamo ndi ansembe ndi madikoni okha.

Kumadzulo kwa Ulaya zinthu zinayenda mwina. Msonkhano wa Lateran wa mu 1215 utatsindika chiphunzitso chakuti mkate ndi vinyo zimasandukadi thupi ndi magazi a Khristu, ulemu wa pa guwa unakula, ndipo zotchinga zinachuluka. Ku England chotchinga cha m'midzi chinkakhala chamatabwa: m'munsi mwake zithunzi za oyera mtima, pakati mipata yosuzumirapo, pamwamba kakhonde, ndipo pamwamba penipeni mtanda waukulu, Mariya mbali iyi, Yohane mbali inayo. Ndalama zake zinkachokera kwa akhristu eni ake, ena nkumasiya chuma pomwalira kuti chithunzi cha woyera amene ankamukonda chijambulidwe. M'makatedralo munkakhala zamwala. Cha ku York Minster, cha m'zaka za m'ma 1400, chili ndi zosema za mafumu 15 a dzikolo kuyambira William the Conqueror mpaka Henry VI.

Kenako kunabwera mphepo ya kusintha kwa chipembedzo. Ku England, mu ulamuliro wa Mfumu Edward VI, kuyambira 1547, mitanda ya pamwamba ija inatsitsidwa ndipo yambiri inatenthedwa. Mlongo wake Mary atalowa ufumu analamula kuti ibwerere, koma sinakhalitse. Mu 1561 Elizabeth I analamula kuti makonde aja achotsedwe, mpanda wa m'munsi wokha utsale. N'chifukwa chake m'zigawo za Norfolk, Suffolk ndi Devon mukupezekabe zotchinga zakale zambiri. Cha m'mudzi wa Ranworth chimatchuka chifukwa utoto wake ukuonekabe bwino, pomwe m'midzi ina nkhope za oyera mtima zinakalidwa dala ndi mipeni.

Chodabwitsa n'chakuti Akatolika nawonso anagumula zawo, ngakhale pa chifukwa china. Utatha Msonkhano wa Trent mu 1563, mpingo unafuna kuti akhristu aziona Misa ndi maso awo. Ku Florence, mmisiri Giorgio Vasari anachotsa zotchinga za m'matchalitchi a Santa Maria Novella ndi Santa Croce m'zaka za m'ma 1560. Ku France zambiri zinatha m'zaka zotsatira, moti mu Paris monse chatsala chimodzi chokha, cha ku Saint-Étienne-du-Mont. M'malo mwake munabwera kampanda kakafupi kogwadirapo polandira Ukaristia, komwe akuluakulu ambiri a mpingo wa Katolika kuno amakakumbukira pamodzi ndi Misa ya Chilatini.

M'zaka za m'ma 1800 mtima unatembenukanso. Katswiri wa zomangamanga Augustus Pugin anatulutsa buku mu 1851 lochonderera kuti zotchinga zibwerere, ndipo Angilikani ambiri anamumvera. Chotchuka kwambiri cha nthawiyo chinali cha katedralo ya Hereford ku England, chachitsulo, mkuwa ndi miyala yokongola, chomwe anachilinganiza ndi George Gilbert Scott ndipo anachisula ndi Francis Skidmore mu 1862. Mu 1967, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican utangotha ndipo mipingo yambiri ikusendeza guwa kufupi ndi anthu, eni ake anachiona ngati chotha ntchito nachiphwasula. Chinakhala m'mabokosi zaka zoposa 30, dzimbiri likuchidya, mpaka chinakonzedwa ndi ndalama zambiri nkuimikidwanso mu 2001 ku Victoria and Albert Museum ku London, kutali ndi tchalitchi chake.

Nkhani ya Hereford ikutikhudza. Tili ndi nyumba zathu zakale: St Michael and All Angels ku Blantyre ya mu 1891, katedralo ya St Peter ku Likoma yomwe inayamba kumangidwa mu 1903, ndi matchalitchi a ku Mua ndi kwina kumene amisiri athu anasema zitseko, mipando ndi mitanda. Kuti anthu aone guwa ndi chinthu chabwino, ndipo palibe akufuna kubwezeretsa khoma pakati pa wansembe ndi nkhosa zake. Koma zimene m'badwo umodzi umataya poti zachikale, m'badwo wotsatira umazifuna ndi misozi. Inu a komiti ya tchalitchi, musanazule thabwa losemedwa kapena kampanda kakale pokonzanso nyumba ya Mulungu, kajambuleni, lembani mbiri yake kwa akuluakulu amene akadali moyo, ndipo kasungeni pamalo ouma.