Chisankho cha 1994 ndi Kusintha kwa Boma

Wophunzira, mukamawerenga ndakatulo ndi nthano zolembedwa chaka cha 1994 chisanafike, mudzaona kuti alembi ankakonda zining'a ndi mikuluwiko pokamba za ulamuliro. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira 1966 dziko lino linali la chipani chimodzi cha MCP, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Wodzudzula boma poyera ankatsekeredwa, monga mlakatuli Jack Mapanje amene adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Kuti mumvetse mmene zinthu zidasinthira, yambani mwayang'ana kumalire a Mchinji.

Boma la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, lachita malire ndi Chipata m'dziko la Zambia, ndipo Achewa ndi Angoni a mbali ziwirizi ndi apachibale. Pa 31 Okutobala 1991, anthu a ku Zambia adavota pa chisankho cha zipani zambiri. Chipani cha MMD cha Frederick Chiluba chidapeza mipando 125 mwa 150, ndipo Kenneth Kaunda adavomera kugonja. Komabe mipando yonse 19 ya chigawo cha kummawa, kumene kuli Chipata, idapita ku UNIP ya Kaunda. Apa zidaoneka kuti mtsogoleri wa nthawi ya ufulu angathe kuchoka pampando ndi voti, popanda nkhondo.

Kuno kwathu, pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yodzudzula kuponderezana. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege atangofika kuchokera ku msonkhano ku Lusaka. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, mavoti oposa 63 pa 100 alionse adasankha ndale za zipani zambiri, ngakhale ambiri a Chigawo cha Pakati adafuna chipani chimodzi.

Chisankho cha pulezidenti ndi aphungu chidachitika pa 17 Meyi 1994, ndipo wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho adali Jaji Anastasia Msosa. Bakili Muluzi wa UDF adapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Dr Banda 33, ndipo Chihana wa AFORD 19. Mwa mipando 177 ya Nyumba ya Malamulo, UDF idatenga 85, MCP 56, AFORD 36. Dr Banda adavomera kugonja pa wailesi zotsatira zonse zisanalengezedwe, ndipo Muluzi adalumbira pa 21 Meyi.

Onani mfundo ziwiri izi. Choyamba, anthu adavota motsatira zigawo: AFORD kumpoto, UDF kummwera, MCP pakati, kumene kuli Mchinji. Motero zigawo za mbali zonse ziwiri za malirewa zidakhulupirika ku chipani chakale, koma zidalandira boma latsopano chifukwa mavoti a dziko lonse ndiwo adagamula. Chachiwiri, UDF sidakwanitse mipando 89 yofunika kuti ikhale ndi aphungu oposa theka. Poyamba AFORD idagwirizana ndi MCP, zomwe zidachititsa kuti boma livutike kudutsitsa mabilu. Mu Seputembala 1994 Chihana adalowa m'boma ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, koma adatulukamo mu 1996. Mutu umodzi susenza denga: wopambana upulezidenti amafunikabe aphungu kuti alamulire.

Polemba chimangirizo pa mayeso, musasokoneze riferendamu ndi chisankho. Riferendamu ya 1993 idasankha mtundu wa ndale, pomwe chisankho cha 1994 chidasankha olamulira.

Mafunso

1. Fotokozani zinthu zitatu zomwe zidachititsa kuti ulamuliro wa chipani chimodzi uthe.
2. Kodi chisankho cha ku Zambia cha 1991 chikufanana bwanji ndi cha ku Malawi cha 1994?
3. N'chifukwa chiyani alembi ankagwiritsa ntchito zining'a chaka cha 1994 chisanafike?