Mbiri ya Maluwa Oyanga m'Mzinda wa Lusaka

M'caka ca 1931 Boma la Northern Rhodesia linaitana Profesa Stanley Adshead wa ku London kuti adzalinganize mzinda watsopano pa Lusaka, pakuti ku Livingstone kunali kotentha, ndiponso kumalire kweni-kweni kwa dziko. Iye anatsata nzeru ya Ebenezer Howard, ya kumanga mizinda pakati pa mitengo ndi maluwa. Likulu linasamuka m'caka ca 1935, ndipo pa mtunda wa Ridgeway, kum'mawa kwa njanji, Azungu analandira nyumba za mabwalo akuru.

M'mabwalo otere munabzalidwa zomera za maiko ena. Jacaranda ndi bougainvillea kwao ndi ku South America. Ivy, comera coyanga ca masamba obiriwira caka conse, kwao ndi ku Ulaya. Comeraci cimagwira khoma ndi timizu tating'ono, sicipatsa munthu cakudya, ndipo cimatha zaka cisanakute nyumba. Cikonda mthunzi ndi cinyezi. Kotero m'dziko limene mvula imaleka mu April ndi kubweranso mu November, payenera kukhala munthu wocithirira cilimwe conse.

Wothirirayo anali munthu wakuda. Koma Boma linamuyesa mlendo m'tauni, wodzabwerera kumudzi nchito ikatha, ndipo nyumba zambiri za anchito zinamangidwira amuna okha. Kumadzulo kwa njanji, kumene kuli Chibolya ndi Kanyama, dziko ndi lathyathyathya, miyala ya njereza iri pafupi pansi pa nthaka, ndipo m'dzinja madzi amaima m'makwalala.

Lamulo la 1948 linalola kumanga nyumba za anthu apabanja, ndipo Matero ndi Chilenje anakula cifukwa ca lamuloli. Koma nyumbazo sizinakwanire, makamaka pambuyo pa ufulu wa 1964, pamene anthu anakhamukira m'tauni. Ambiri anadzimangira okha ku Kanyama, George, Chawama ndi Kalingalinga, popanda cikalata ca malo. Munthu woopa kuti nyumba yace ingagwetsedwe mawa sabzala comera cofuna zaka zisanu. Amabzala cimanga, maungu ndi mbatata, zimene adzadya mvula isanathe. Ndipo ngati pali coyanga pa mpanda wace, ndico mphonda kapena nyemba.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1974, pamene Nyumba ya Malamulo inabvomereza kuti makomboni ena akonzedwe m'malo mwa kugwetsedwa, ndi kuti okhalamo alandire cilolezo ca zaka 30. M'zaka zotsatira, ndi ndalama za World Bank, mipopi ya madzi ndi miseu zinafika ku George ndi Chawama.

Mbeu ya ivy siinali yobvuta konse: kanthambi kamodzi kotsikidwa m'citini ca dothi lonyowa kamaphuka mizu m'masabata owerengeka. Cimene anthu a m'makomboni anayembekeza zaka pafupi-fupi 40 ndico madzi apafupi, ndi khoma limene mwini wace adziwa kuti lidzaima kufikira comeraco citafika pa denga.