Mamangidwe a Chipatala cha Chifuwa Chachikulu cha Paimio

Mankhwala ochiza chifuwa chachikulu cha TB asanapezeke, madokotala a ku Ulaya ankadalira mpweya wabwino, dzuwa, chakudya chokwanira ndi kupumula. N'chifukwa chake zipatala za odwala matendawa zinkamangidwa kutali ndi mizinda, kumapiri kapena m'nkhalango. Amene anakhalapo ku Dedza m'mwezi wa June, kamphepo kozizira kakuwomba kuchokera m'mitengo ya paini ya m'phiri, akuidziwa nyengo imene madokotalawo ankaifuna.

Chipatala chotchuka pa zonsezi ndi cha Paimio, m'dziko la Finland. Alvar Aalto ndiye anapambana pa mpikisano wojambula mapulani ake mu 1929, ndipo anagwira ntchitoyi pamodzi ndi mkazi wake, Aino. Nyumbayo inamalizidwa mu 1933 pakati pa nkhalango ya paini.

Chimene chimasiyanitsa Paimio n'chakuti womanga anaganizira munthu wogona pabedi, osati woimirira. Wodwala amatha tsiku lonse akuyang'ana kumwamba, choncho siling'i anaipaka utoto wosathobwa m'maso, ndipo nyale anaziika pamene sizingamuwalire kumaso. Zotenthetsera chipinda zinkaloza kumapazi kuti mutu uzikhala pozizira. M'chipinda munkagona anthu awiri, aliyense ndi sinki yake, yopangidwa mopendekeka kuti madzi azitsika mwakachetechete osadzutsa mnzake. Kanthu kakang'ono ndithu, koma amene anagonapo m'chipatala akudziwa kuwawa kwa tulo todukizadukiza. Ngakhale mpando, umene lero umatchedwa ndi dzina la Paimio, anaupinda msana m'njira yothandiza wodwala kupuma mosavuta.

Zipinda za odwala zinayang'ana cha kumwera, kumene dzuwa limawalira m'dzikolo. Panalinso makonde aataliatali, lina pamwamba penipeni pa nyumba, pamene odwala ankagonekedwa kwa maola angapo atafunda bwino, ngakhale nthawi yachisanu.

Mankhwala a streptomycin atapezeka mu 1943, ndi ena atatsatira, kufunika kwa zipatala zotere kunayamba kuchepa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 Paimio inasandutsidwa chipatala cha matenda osiyanasiyana. Ku Malawi lero odwala TB ambiri amamwa mankhwala kwa miyezi isanu ndi umodzi ali kunyumba kwawo. Komabe popeza tizilombo ta matendawa timayenda mumpweya, mawindo otsegula mbali zonse ziwiri ndi malo odikirira a pakhonde akadali ofunika pomanga mawodi a TB.