Mtunda wa pakati pa Lusaka ndi Chipata

Madzulo ano tikambe za mabwalo awiri a ndege. Lina lili pano pa Lusaka, pafupi ndi Longacres, ndilo lija amalitcha City Airport; linzake lili ku Chipata, kumene Azungu ankati Fort Jameson. Pakati pa mabwalo awiriwa pali makilomita pafupifupi 500 mukadzera m'mwamba, koma pa msewu ndi 570, popeza msewu umakhotakhota m'mapiri usanatsikire ku Luangwa.

Makolo athu ankauyenda pansi mtunda umenewu. Njanji inafika pa Lusaka m'chaka cha 1905, ndi ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, m'chaka cha 1906, koma siinakhotere kum'mawa. Mpaka lero palibe sitima yochoka pa Lusaka kulunjika ku Chipata. Tsono mwamuna wofuna ndalama ya msonkho ankamanga kamba wake, ufa ndi kamphika ndi bulangeti, nanyamuka pamodzi ndi anzake, pakuti woyenda yekha ankaopa mikango. Werengani nokha: munthu wosenza katundu akayenda makilomita 25 pa tsiku, afika patapita masabata atatu ndi masiku angapo. Pa Luangwa ankadikira bwato. Ambiri atafika kuno analingalira za kutalika kwa njira yobwerera, nakhala machona.

Mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa m'chaka cha 1932 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo Lusaka atasanduka likulu m'chaka cha 1935, malole ndi mabasi a Thatcher Hobson anayamba kuchuluka pa msewu uja. Unali wafumbi m'chilimwe, wamatope m'dzinja, ndipo ulendo unkawerengedwabe masiku. Amene munakwera mabasi aja simunaiwale phiri la Manenekera, pamene ngakhale wolongolola ankakhala chete.

Kampani ya ndege ya Central African Airways inayamba m'chaka cha 1946, ndipo Fort Jameson anali mwa malo amene ndege zake zinkatera. Pa mabwalo aang'ono a dziko lino inkatumiza kandege kotchedwa Beaver, ka injini imodzi, konyamula anthu asanu ndi mmodzi, kotha kutera pa bwalo lalifupi laudzu. Liwiro lake linali ngati makilomita 200 pa ora. Ngakhale ndege yofatsa chotero imatha mtunda wathu uja pa maora awiri ndi theka. Wochoka pa Lusaka atamwa tiyi akadadya nsima ya masana ku Fort Jameson.

Nanga okwera anali yani? M'zaka zomwezo za m'ma 1950 nyumba za Matero zinali kumangidwa kuti mukhale antchito achifirika, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera kwa Mpezeni, ku Katete ndi ku Petauke. Iwo ndege ankaiona ikudutsa pamwamba pa matenga; m'katimo munali akulu a Boma, alimi a fodya ndi amishoni, chifukwa mtengo wake sunali wa munthu wa tikiti. Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Lamya ya maliro inkafika msanga, koma mwana wa malemu, atapempha chilolezo kwa bwana ndi kubwereka ya basi, ankapeza manda atakwiriridwa kale, anthu atameta.

M'chaka cha 1967 bwalo lalikulu latsopano linatsegulidwa kum'mawa kwa mzinda, lija tsopano lili ndi dzina la Kenneth Kaunda, ndipo City Airport inatsalira asilikali a m'mlengalenga ndi tindege tating'ono. Mlatho watsopano wa pa Luangwa unatha m'chaka cha 1968. Zambia Airways inatsekedwa m'chaka cha 1994. Lero munthu wa ku Matero amalawirira ku Intercity kusanache, nadutsa Chongwe, Rufunsa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete pa msewu wa phula, nafika ku Chipata patapita maora asanu ndi atatu kapena anayi, dzuwa lisanalowe.