Mmene nsalu ya m'galimoto inakumanirana ndi makina obowolera

Munthu akafuna kumangirira sipika pachitseko cha galimoto, n'kulasa makina obowolera pansalu yokuta bolodi, kawirikawiri ulusi umakulungika pachitsulo ndipo nsalu imakokeka mpaka kung'ambika kutali ndi bowolo. Ambiri amaloza chala dzanja losazolowera. Koma mbiri ya ntchitoyi ikusonyeza kuti gwero la vutoli lili kwina. Kale nsalu ndi thabwa zinali za amisiri awiri, aliyense ndi zida zake, ndipo ndi mafakitale amene anadzazimata pamodzi.

Galimoto zoyamba zinatengera kakonzedwe ka m'kati ku ngolo zokokedwa ndi akavalo. Abale amene anayambitsa Fisher Body ku Detroit mu 1908 anali ana a mmisiri wa ngolo wa ku Norwalk, m'chigawo cha Ohio, ndipo mu 1910 kampani ya Cadillac inaitanitsa kwa iwo mabodi 150 otseka. Pa bodi loterolo kalipentala ndiye ankayamba, n'kubowoleratu paliponse pofunika. Wokuta mipando ankabwera pomaliza ndi lumo, singano, timisomali ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa. Akafika pa chogwirira chitseko ankafufuza ndi chala malo a bowo, n'kucheka nsalu pang'ono kuti chitsulo chitulukire. Nsalu ya kudenga inkangolendewera, yosamatidwa. Sikuti zobowolera kunalibe. Chitsulo chopotana chobowolera Stephen Morse anachilembetsa mu 1863, ndipo makina amagetsi ogwira pamanja a Black & Decker anavomerezedwa mu 1917. Kungoti mizere yopotanayo anaipanga kuti izitulutsa utuchi. Thabwa limaphwanyika kukhala utuchi, pamene ulusi suduka, umangozengerezeka pachitsulo ngati chilambe pamtengo.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1935 General Motors inatulutsa denga lachitsulo chokhachokha, ndipo matabwa okhomamo timisomali anayamba kuzimiririka. Chaka chomwecho kampani ya DuPont inapanga nayiloni, mu 1941 poliyesita inatulukiridwa ku Britain, kenako m'ma 1950 siponji ya polyurethane inafika pamsika. Pofika m'ma 1970 opanga galimoto anali atayamba kuumba bolodi, kulimata nsalu yokhala ndi kasiponji kumbuyo, n'kulilowetsa lathunthu m'galimoto. Kwa fakitale njirayi inali yachangu ndi yotsika mtengo. Kwa mmisiri wobwera pambuyo inali msampha, chifukwa tsopano sangafike pabolodi osadutsa pansalu, ndipo ulusi wa nayiloni ndi wolimba kuposa wa ubweya. Kasiponji komweko ndi kamene kamafumbutuka ndi kutentha, n'chifukwa chake galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimayenda m'misewu ya ku Lilongwe denga litagwidwa ndi mapini.

Ena amati mbiri yonseyi ndi yosafunika, bola kumata tepi pansalu kapena kuyendetsa makina chobwerera m'mbuyo. Nthawi zina zimatheka, makamaka pansalu yothina, koma tepi imagwira pamwamba pokha ndipo ulusi umodzi ukangokodwa, basi zatha. Ena amadalira msomali wotentha, ndipo awa ali ndi mfundo yomveka. Nayiloni ndi poliyesita zimasungunuka pa madigiri pafupifupi 250 mpaka 260, choncho m'mphepete mwa bowo mumamatana osasosoka. Imeneyi ndi nzeru ya makono ndithu, imene amisiri a ngolo sakanaigwiritsa ntchito popeza ubweya ndi thonje zimapsa m'malo mosungunuka. Komabe msomaliwo umadyanso siponji ya pansi, n'kusiya chibowo chachikulu kuposa chimene munthu amafuna. Njira yodalirika ikadali yolekanitsa ntchito ziwirizi monga kale, kungotembenuza ndondomeko yake: kuchotsa bolodi, kudula kabowo pansalu ndi lezala kapena chitsulo chija osoka nsapato amabowolera malamba, kokulirapo pang'ono kuposa chitsulo cha makina, kenako n'kubowola bolodi litatsamira pathabwa.

Amene akuona ngati kuchotsa bolodi ndi kutaya nthawi akumbukire kuti kuseri kwake sikulinso kopanda kanthu. M'chitseko muli galasi ndi mawaya, ndipo kuyambira mu 1998, pamene Volvo S80 inatuluka ndi airbag yotsika kuchokera kudenga, galimoto zambiri zimabisa chipangizo chimenechi m'mphepete mwa denga. Musabowole malo amene simunawaone kuseri kwake.