Amisiri a Keyala ndi Ntchito ya Misewu

Munthu amene wayendapo m'dziko la Kuti nthawi ya dzinja, kumene chigwa cha Salima chimatsetserekera kunyanja pakati pa migwalangwa ndi madambo, adziwa yekha kuti makande akakhuta mvula sasankha mfumu kapena mlendo, pakuti amagwira phazi la woyenda pansi monga momwe amagwirira tayala la lole yonyamula thonje. Njanji inafika pa Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwecho chimene mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa. Koma njanji inkathera pa siteshoni, ndipo kuchokera pamenepo kunka kumidzi, kumisika ndi kumadooko, dziko linasowabe anthu odziwa kugonjetsa matope ndi mitsinje. Ena mwa anthu oterewa anaphunzira luso lawo kunkhondo.

Pamene nkhondo ya Hitler inabuka mu 1939, amuna zikwizikwi a dziko la Nyasaland analembedwa usilikali wa King's African Rifles, umene makolo athu ankautcha Keyala, ndipo mbiri yasunga bwino malo amene anathirako mwazi: Moyale ndi Somaliland mu 1940, mapiri a Abyssinia mu 1941, chisumbu cha Madagascar mu 1942, ndi nkhalango za Burma mu 1944. Chimene sichikumbukika kawirikawiri n'chakuti gulu la nkhondo limayenda pokhapo pamene njira yalambulidwa, kotero kuti pamodzi ndi onyamula mfuti pankayendanso onyamula piki, fosholo, nkhwangwa ndi chingwe, kudzanso oyendetsa malole ndi okonza mainjini. Ku Madagascar, kumene Afalansa a boma la Vichy ankabwerera m'mbuyo akugumula milatho ndi kugwetsera mitengo ndi miyala m'misewu, ulendo wa ku Tananarive, likulu la chisumbucho, unadalira kwambiri thukuta la amisiri ochotsa zotchingazo.

Koma mayeso aakulu anadza m'chigwa cha Kabaw ku Burma, mmene asilikali a 11th East African Division analowa mvula ili pakati, malungo akugwetsa amuna tsiku ndi tsiku, zakudya zikuponyedwa kuchokera m'ndege chifukwa malole anali atatitimira. Kumeneko anthu ankadula mitengo, naigoneka chopingasa pamatope umodzi pambali pa unzake mtunda wautali, kuti galimoto ikwawe pamwamba pake. Ndipo mtsinje ukadzaza usiku n'kukokolola ntchito ya dzulo, m'mawa ankayambanso osadandaula, podziwa kuti walira mvula walira matope. Potero anafika ku Kalewa m'mwezi wa December 1944, kumene mlatho woyandama wa mtundu wa Bailey, wotalika mamita oposa 300, unayalidwa pa mtsinje wa Chindwin.

Nkhondo itatha mu 1945, amunawa anabwerera kwawo ndi mamendulo pachifuwa ndi chiyembekezo mumtima, koma ambiri anapeza kuti malonjezo a nthawi ya nkhondo anali chikomekome cha mkuyu. Boma la atsamunda, limene linasungira Azungu okha udindo wa ofisala m'gulu la nkhondo, linawasungiranso mipando yapamwamba m'maofesi. Choncho munthu amene analamulirapo anzake pomanga mlatho zipolopolo zikulira, analandira ukapitawo wa pamsewu ku PWD (nthambi ya boma ya zomangamanga), kapena udalaivala, upolisi, ngakhale umesenjala wa pa boma. Komabe ntchito yochepayo anaigwira ndi ulemu wonse. Kapitawo wotereyu ankadzuka tambala woyamba, naitana maina a antchito ataimirira pamzere, nawerenga mafosholo madzulo asanatseke nyumba ya zipangizo. Ankadziwa poika kalavati poyang'ana kumene madzi a chaka chatha anasiya zinyalala, ndipo sankalola kuti msewu uthiridwe dothi ngalande zake zisanakumbidwe, pakuti anaona ndi maso ake chimene madzi amachita kwa munthu wothamangira kumaliza.

Ufulu utadza mu 1964, gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles, ndipo patapita zaka, sukulu yophunzitsa asilikali inamangidwa m'boma lomweli la Salima, imene poyamba inkatchedwa Kamuzu Military College, lero MAFCO. Dzina la Moyale lidakalipo pa kampu ya asilikali ku Mzuzu, chipilala cha chikumbutso chidakaimabe ku Zomba, ndipo magule a malipenga ndi mganda asungabe mapondedwe a perete. Koma amisiri aja alibe chipilala chawochawo, chifukwa ntchito yawo ndi yotere kuti ikagwirika bwino palibe aitchula.

Tiyenera kuwatchula ife. Mbadwo umenewu ukutha ndithu, ndipo ambiri otsala ndi ana ndi adzukulu osunga mendulo m'kabokosi, amene tingachite bwino kuwafunsa maina ndi nkhani zake nthawi idakalipo. Koposa zonse, yense wolandira malipiro a boma lero, kaya ndi injiniya, kalaliki kapena woyang'anira msewu, aphunzire kwa amisiri aja kuti katundu wa anthu onse amawerengedwa mokhulupirika, ndi kuti mlatho umamangidwa molimba chifukwa cha miyoyo ya amene adzaolokapo woumanga atapita kale.